Pakati pa ndege ziwiri



Mu Novembala 2024 ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera pa nambala ya ku Joni. Anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 zaka zoposa khumi zapitazo. Dzina sinditchula, a kalasi yake amudziwa. Anati anabwera kudzaona mayi ake ku Lilongwe, ndipo pobwerera ndege imutula ku Chileka cha m'ma 9 koloko m'mawa, pomwe yopita ku Johannesburg inyamuka 3 koloko masana. "Aphunzitsi, maola onsewo ndingokhala pa benchi? Simungadzanditenge?"

Tsikulo linali Loweruka. Ndinabwereka galimoto ya alamu anga, ndipo poti miyezi imeneyo mafuta ankasowa, madzulo onse a Lachisanu anathera pa mzere.

Usiku ndinakhala pansi n'kuchita masamu. Pa tikiti pankaoneka maola asanu ndi limodzi, koma amenewo ndi a pa pepala. Wokwera ndege yotuluka m'dziko amayenera kufika kudakali maola awiri, ndiye kuti 1 koloko tikhale tabwerera. Theka la ola lipita podikira chikwama, chifukwa matikiti ake anali a makampani awiri ndipo katundu ankayenera kumutenga yekha. Kuchoka ku Chileka kufika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 16, koma amene amadutsa pa Chirimba tsiku Loweruka akudziwa kuti minibasi ndi akabaza sawerenga makilomita. Ndinaika mphindi 40 popita, 40 pobwerera. Otsala anali maola awiri ndi kanthu. Ndinalemba ndondomeko ngati ya phunziro: tchalitchi cha St Michael and All Angels, nyumba ya Mandala, myuziyamu ya ku Chichiri, nsima ku Limbe. Limbe ndinaifufuta ndisanagone.

Anatuluka ndi ndevu zake, thupi ladzadza. Pakamwa panga panatuluka "iwe" wa m'kalasi, kenako ndinachita manyazi n'kusintha kuti "inu achimwene". Anaseka. "Aphunzitsi, iwe yemweyo ali bwino."

Tinayambira ku mishoni. Ndinayamba kufotokoza monga mukundidziwira: kuti mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 ndi a Church of Scotland, kuti dzinalo ndi la kwawo kwa David Livingstone, kuti tchalitchichi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anatsogolera ntchitoyo, m'busa David Clement Scott, sanaphunzirepo zojambula mapulani a nyumba, ndipo amisiri ake anali anthu akonkuno, njerwa n'kumaumba ndi kuotcha komweko. Mukayang'anitsitsa muona kuti nsanja ziwiri zakutsogolo sizifanana, ndiponso njerwa ndi za maonekedwe osiyanasiyana. Scott yemweyo ndiye anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Mnyamata uja anasisita khoma n'kunena kuti zaka zonse zimene anakhala mu Blantyre ankangochiona ali m'minibasi, sanafikepo pafupi. Mawuwo anandilasa. Mutu wa mishoni ya Blantyre ndinawaphunzitsa ndine, pa bolodi, ndi choko, chinthucho chili pamtunda woti mwana angayende wapansi. Anzanga, ndi angati mwa ife amene tinapitapo ndi kalasi kumeneko?

Pa Mandala sitinakhalitse. Nyumba ya 1882, ya kampani ya African Lakes, dzina lochokera ku magalasi a m'maso a John Moir. Anajambula chithunzi chimodzi, koma ndinaona kuti mtima wake suli pamenepo. Titalowa m'galimoto anati, "Aphunzitsi, ku myuziyamu tisapite. Mundiperekeze ku Chilobwe."

Apo m'pamene ndinamva chimene chinasamutsira mayi ake ku Lilongwe. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba yawo inapita, ndipo mlongo wake wamng'ono anali momwemo. Iye anali ku Joni, mapepala ake asanalongosoke, moti akanatuluka sakanabwereranso ku ntchito. Maliro anawamvera pa foni. Sabata ziwiri zimene anakhala ku Lilongwe mayi ake sanafune kuti nkhani ya Chilobwe itchulidwe m'nyumba. Tikiti ya maola ambiri ija anachita kuisankha dala, ndipo sanafune kupita yekha. Ine ndi kapepala kanga ka malo okaona, zonsezi osazidziwa. Namondweyo anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo ndinali ndisanafunsepo kuti mwa ana anga akale anakhudzidwa ndani.

Nthawi inali itadutsa pang'ono 11 koloko. Tinadzera ku Zingwangwa. Chipsera cha m'phirimo chinkaoneka patali, mzere wotuwa wotsika pakati pa nyumba. Galimoto tinaisiya mmunsi n'kukwera wapansi. Anasokonezeka, chifukwa mtengo wa mango umene ankadziwira njira kunalibe. Mayi wina amene ankachapa pakhonde anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaimirira n'kumutchula dzina la ubwana wake. "Mwana wanga, wabwera?" Ndi iwo amene anatitsogolera. Pamalopo panali miyala ikuluikulu, ndipo pambali wina anali atagaula kale kamunda kudikira mvula. Kachidutswa ka simenti ya pansi kankaonekera m'dothi.

Anakhala pamwala. Mayi aja anakhala pansi chapatali, ine ndinaima. Wotchi inati 12 koloko, kenako 12:15. Zaka zonse za uphunzitsi ndakhala munthu wa belu, wothamangitsa ana ochedwa, koma tsiku limenelo pakamwa panakana. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti tikiti ina ingadye ndalama zingati, ndiponso kuti abwana ake amva bwanji Lolemba. Cha m'ma 12:30 anadzuka yekha, n'kuwapatsa mayi aja kanthu m'manja, tinatsika.

Pobwerera tinakumana ndi mdipiti wa ukwati pa Clock Tower, malipenga ali pepepe, ife thukuta lili kamukamu. Nsima ya masana inasanduka nthochi za pa Chirimba zogulira pawindo. Tinafika ku Chileka 1:25. Anatsitsa chikwama, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kuthamanga. Ndinadikira panja mpaka ndege itanyamuka.

Uthenga wake unafika usiku ndikukonza zolemba za Fomu 2. "Ndafika bwino aphunzitsi. Mayi ndawauza kuti ndinapitako. Afunsa ngati mayi a pakhonde aja akadali moyo."