Mzere Wotsogolera Singano



Aliyense wa ife anaonapo telala atawerama pa tebulo pakhonde la sitolo, akulemba mizere pa nsalu ndi choko asanaidule. Chovala chikatha, palibe amene amafunsa kumene mizere ija yapita. Koma mzere umodzi wokha ukakanirira pa phewa la malaya atsopano, mwini wake saonanso ubwino wa msoko. Maso ake amangokhala pa bangalo. Tsono tifuna tilingalire pamodzi za mizere imeneyi, makamaka pa ntchito imene imaidalira koposa, ndiyo kusoka chofunda chochindikala chimene Angerezi amachitcha quilt.

Chofunda chimenechi chimakhala ndi nsalu pamwamba, thonje kapena ubweya wa nkhosa pakati, ndi nsalu ina pansi. Chimene chimagwira zitatuzi pamodzi ndi ulusi, ndipo wosoka sauyendetsa chisawawa, koma amalondola maluwa, masamba, nthenga kapena nyenyezi zojambulidwa pa nsalu ya pamwamba. Ikamachitika ndi manja, ntchitoyi imatenga masabata ambiri. Motero mzere uyenera kuoneka kufikira singano itadutsapo, ndipo pambuyo pake uyenera kuchoka wonse. Mzere wofulumira kufufutika umasiya wosoka panjira, ndipo wokana kuchoka umaipitsa thukuta la mwezi wathunthu.

Kumene ntchitoyi inazika mizu, kujambula mizere kunali luso lodyera palokha. Ku Allendale, kumpoto kwa England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kunali mwini sitolo ya nsalu dzina lake George Gardiner, amene ankajambula zokongoletsa pa nsalu ndi pensulo ya buluu. Mayi amene anaphunzira kwa iye, Elizabeth Sanderson, anatchuka kwambiri, kotero kuti mpaka lero pali nyenyezi ya pa zofunda yodziwika ndi dzina lake. Amayi ankatumiza nsalu zawo kwa ojambula otere, ndipo zikabwerera zili ndi mizere, iwo ankasoka molondola mizereyo. Pa zofunda zina za nthawi imeneyo buluu uja akuonekabe pansi pa ulusi, patapita zaka zoposa 100. Zimenezi zitikumbutsa kuti kulemba pa nsalu n'kwapafupi, chovuta ndi kuchotsa.

Chifukwa chake, posankha cholembera, funso loyamba likhale lakuti, kodi chidzachoka bwanji? Choko cha atelala chimachoka pochisasa kapena pochapa, koma choyera ndicho chokhulupirika, pakuti chachikasu ndi chofiira nthawi zina chimasiya mtundu wake. Kachidutswa ka sopo kotsala kubafa, kakauma n'kupyapyala m'mbali, kamalemba bwino pa nsalu yakuda, ndipo sopo sangakane madzi. Osoka a ku Japan ali ndi kachipangizo kotchedwa hera, konga mpeni wobuntha, kamene kamangodinda kamzere pa nsalu popanda kusiya mtundu uliwonse. Kumbuyo kwa singano yaikulu kumagwiranso ntchito yomweyo.

Palinso zolembera za inki zogulidwa m'masitolo, ndipo zimenezi zifuna kusamala. Inki ya buluu yotha ndi madzi imaoneka bwino pa nsalu yoyera, koma mdani wake ndi kutentha. Mukaisita ndi simbi, kapena kuisiya nthawi yaitali padzuwa, ikhoza kukhazikika osachokanso. Iyenera kutsukuluzidwa ndi madzi ozizira okhaokha sopo asanafikepo, chifukwa sopo wina amaisandutsa banga lofiirira. Ndiponso kungodonthezapo madzi sikukwanira: inkiyo imathawira m'thonje la pakati, ndipo nsalu ikauma imatulukiranso. Chofunda chonse chiviikidwe m'madzi ambiri. Inki ina imazimiririka yokha pakapita tsiku limodzi kapena masiku ochepa, ndipo m'dzinja, mpweya ukakhala wa chinyezi, imafulumira koposa. Imeneyi ndi yolembera kachigawo kosoka lero lomwe basi.

Mtundu wina ndi peni ya Frixion ya kampani ya Pilot ya ku Japan. Inki yake imaleka kuoneka ikatenthedwa kufika pafupifupi madigiri 60, kotero simbi ikangodutsapo mzere umasowa. Komatu inkiyo imakhala isanachoke, yangotaya mtundu, ndipo pa kuzizira kwa madigiri 10 pansi pa ziro imabwereranso. Pa nsalu yakuda imasiya kamzere kotuwa. Peniyi anaipangira pepala, ndipo amene aigwiritsa ntchito pa nsalu adziwe kuti chobisika sichinachoke.

Ife amene tinakulira pafupi ndi amayi osoka tikudziwa kuti nsalu sibwera yokha m'nyumba. Kapulana imodzi ndi chimanga kapena mbatata zimene zinagulitsidwa. Zigamba zotsala kwa telala, zikalumikizidwa mwaluso, zikhoza kukhala chofunda cha mwana m'chisanu cha Juni ndi Julayi, chimene a ku mapiri a Angónia amachidziwa bwino. Chuma chotere sichiyenera kutayika chifukwa cha liwiro. Tsono tisanalembe pa nsalu yaikulu, tiyambe tadula kachidutswa ka nsalu yomweyo, tilembepo, tikasiye masiku angapo, tikatsukuluze ndi kukaumitsa. Mzere ukachoka pa kachidutswako, tilembe ndi mtima wokhazikika. Ukakana, tataya chigamba chokha. Kuyesa komweku kudzationetsanso ngati nsaluyo ndi yosuluka. Polemba, dzanja likhale lopepuka, pakuti mzere wosindikizidwa mwamphamvu umalowa mkati mwa ulusi wa nsalu.

Mawu otsiriza apite kwa inu amayi amene mumaphunzitsa ana kusoka. Mwana woyamba kumene afuna kuti mumulembere mzere uliwonse, ndipo si kulakwa kutero. Koma pamene dzanja lake likuzolowera, mizere yanu ichepe: lero mzere wonse, mawa timadontho, mkuja aone yekha poyenda singano. Pomudzudzula msoko ukakhota, kumbukirani za inki ya buluu ija, kuti mawu onenedwa mtima uli wotentha amakhazikika, ndipo mwana akhoza kutaya singano osadzaitolanso. Tsiku limene chofunda chake chidzayanikidwa pa chingwe, anthu adzayamikira msoko wa mwanayo, ndipo mizere yanu sadzaiona. Musadandaule nazo, pakuti pamenepo mudzadziwa kuti munalemba bwino.

Tsalani mu mtendere, ndipo ntchito ya manja anu ipite patsogolo.