Mphindi 40 za dripi zinandibwezera kupukwa

Namwino atabwera ndi kabotolo kaja pathireyi, ndinakazindikira asanakatembenuze kuti ndiwerenge dzina. Ketamine. Kwa zaka 9 ndinkakatsegula ndi manja angawa ku fiyeta ya chipatala china cha boma kwathu, kumene ntchito yanga inali yogonetsa odwala pa opaleshoni. Tsikuli wogona pabedi ndinali ine, m'kachipinda kofunda kuno ku England, kunja kukuwaza kamvula kosakata ka mwezi wa Disembala, mdima utayamba kale 4 koloko isanakwane.

Kwathu ndi ku Ntcheu, chakufupi ndi Lizulu, kumene msewu wa M1 umati uku Malawi uku Mozambique, ndipo kachewere ndi kabichi zimaunjikidwa m'mphepete mwa tala. Ndinkadziyesa wodziwa kuzizira chifukwa cha Juni wa kwathu uja, nkhungu itaphimba mapiri mpaka 9 koloko m'mawa. Koma chisanu cha kwathu chimatha ukafika pamoto, chifukwa pamotopo pamakhala anthu. Cha kuno ku Leeds ndimalowa nacho m'nyumba, n'kudzitsekera nacho chitseko.

Amayi anatisiya m'chaka changa chachitatu kuno. Mapepala anga anali asanatuluke, choncho sindinathe kupita. Maliro ndinawaonera pa WhatsApp, achemwali atagwira foni m'mwamba pakati pa khamu. Bokosi likutsikira m'manda netiweki inadula, chithunzi chinaima, ndipo pamene inkabwerera anthu anali akukwirira. M'mawa mwake ndinavala yunifolomu n'kupita kuntchito. Msozi sunatuluke ndi umodzi womwe.

Zimene zinatsatira sizinabwere tsiku limodzi. Tulo tinayamba kutha 3 koloko usiku. Ufa umene ndinkaupita kutali kukagula ku sitolo ya anthu a ku Africa unkangokhala m'kabati, chifukwa nsima inasanduka ngati phulusa m'kamwa. Foni ikamalira ndinkangoiyang'ana. Koma chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti ndinasiya kupukwa kwathu. Achemwali ananditumizira kanema wa mvula yoyamba, ana akuthamangitsa ngumbi ndi mabeseni, ine n'kuonera ngati ndikuona dziko la eni. Munthu ukamalakalaka kwanu umakhala uli ndi kopita. Ine ndinalibe, ndipo maganizo akuti bola kungofa anayamba kundichezera. Kwathu timangoti munthu akuganiza kwambiri. Ine sindinkaganiza n'komwe. M'mutu munali zii, ngati mudzi umene anthu anasamuka.

Dokotala anandipatsa fluoxetine, mankhwala amene ngakhale kwathu alipo. Amenewa umayembekeza masabata 4 mpaka 6 kuti uone ngati akugwira. Sanagwire. Anandisinthira ena, ndinadikiranso, ndinapitanso kwa mlangizi wocheza naye. Munthu akayesa mitundu iwiri mokwanira osasintha, madokotala amayamba kulingalira njira zina, ndipo m'pamene dzina la ketamine linatchulidwa.

Ndinadabwa, pakuti ketamine amene ndinkamudziwa ine ndi wa usiku wa magetsi ozima. Mayi wataya magazi ambiri, mwana ayenera kutuluka mwa opaleshoni, jenereta ikukana kulira, mnzako wakuunikira ndi tochi ya foni. Mankhwala ena ogonetsa amatsitsa BP ndi kufooketsa kupuma, koma ketamine nthawi zambiri amamusiya wodwala akupuma yekha, BP osagwa. N'chifukwa chake bungwe la WHO linamuika pamndandanda wa mankhwala osayenera kusowa m'chipatala. Anapangidwa mu 1962 ndi katswiri wina dzina lake Calvin Stevens, ku kampani ya Parke-Davis ku America, ndipo anavomerezedwa kumeneko mu 1970. Ndi amayi angati a kwathu amene ali moyo lero chifukwa cha kabotolo kameneka! Odwala anga ena ankadzuka akuimba nyimbo za kutchalitchi, ena akuitana agogo awo amene anamwalira kale. Ndinkawagwira dzanja n'kuwauza kuti, "Musaope mayi, ndi mankhwala chabe, atha posachedwapa."

Zakuti mankhwala omwewa angathandize matenda a maganizo zinadziwika bwino mu 2000, pamene gulu la John Krystal ku yunivesite ya Yale linawapereka pang'ono kwa anthu ochepa okhumudwa kwambiri, n'kuona kuti ena akupepukidwa m'maola ochepa. Mu 2006 Carlos Zarate ndi anzake anapezanso zomwezo mwa anthu amene mankhwala ena anali atawakanika. Mlingo wake ndi wochepa: theka la miligalamu pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kulowa pang'onopang'ono kwa mphindi 40. Ine wa makilogalamu 70 anandiyezera mamiligalamu 35. Ku fiyeta ndikanapereka kuwirikiza kawiri kapena kanayi, nthawi imodzi.

Patapita mphindi 10 manja anga anakhala ngati si anga. Denga linatalikira, mawu a namwino ankamveka ngati akuchokera tsidya la dambo. Kenako ndinamva fungo la utsi wa zitsononkho. Sindikunena kuti ndinaona mzimu, ayi, ndimadziwa chimene mankhwalawa amachita. Koma ndinali pakhonde la kwathu, amayi akupeta mgaiwa, chitenje chawo chobiriwira chija atachimanga pachifuwa, ndipo sanandifunse chifukwa chimene sindinabwerere ku maliro. Anangopitiriza kupeta. Dripi itatha, pilo anali atanyowa. Namwino anandiyeza BP, imene inali itakwera monga zimakhalira, n'kundisunga kanthawi mpaka chizungulire chitachepa.

Chimene chimachitika mu ubongo ndinachiwerenga pambuyo pake ndi njala ya munthu wofuna kudziwa chimene chamudzutsa. Mankhwala ngati fluoxetine amagwira pa serotonin. Ketamine amagwira pena, pa glutamate, amene ndi mthenga wamkulu pakati pa maselo a ubongo. Amatseka kwa kanthawi zipata zina zotchedwa NMDA, ndipo zimenezi zimachititsa kuti glutamate atuluke mochuluka n'kudzutsa zipata zina, komanso kuti ubongo utulutse BDNF, chinthu chimene chimakulitsa maselo ngati manyowa m'munda. Nkhawa ya nthawi yaitali imafotetsa timalumikizidwe ta pakati pa maselo, makamaka mbali ya kutsogolo kwa ubongo imene timaganizira ndi kukonzera za mawa. Mu 2010 gulu la Ronald Duman ku Yale komweko linaona mu makoswe kuti timalumikizidweto timayamba kuphukanso pasanathe tsiku limodzi. Ine ndimaganiza za tinjira ta kumudzi. Kanjira kopita kwa azakhali kapena kuchitsime anthu akasiya kuyendamo kamamera udzu mpaka kusowa. Ketamine amalambula. Koma ngati sukuyendamo, udzu umabwerera, ndipo n'zoonadi kuti mphamvu ya dripi imodzi imatha m'masiku ochepa, mwina sabata. Ine ndinapita maulendo 6 m'masabata atatu, ndipo mlangizi ndinkaonana nayebe pakati pa maulendowo.

Ndisakunamizeni kuti ndi mankhwala a aliyense. Ena sawathandiza konse. Ndalama zimene ndinalipira zinali za malata a nyumba imene ndikumanga kumudzi, chifukwa chithandizochi sichipezeka wamba mwaulere kuno. Mtundu wake wopopera m'mphuno wotchedwa Spravato unavomerezedwa ku America mu 2019, koma mu 2022 bungwe la NICE linakana kuuvomereza kuti uziperekedwa m'zipatala za boma za NHS ku England. Ndiponso ketamine yemweyu amagulitsidwa mobisa m'misewu ya kuno, ndipo achinyamata amene amamuzolowera amawonongeka chikhodzodzo mpaka kukodza magazi. Pandekha zimandipweteka kuona mankhwala opulumutsa amayi kwathu akuphera ana a eni kuno.

Patatha masiku awiri chilandirire dripi yachiwiri, ndinadzuka ndi njala ya nsima. Ndinatereka poto, n'kuvundula, ndipo ndili mkati mophika ndinakumbukira mmene amayi ankamenyera mthiko m'mphepete mwa mphika akamaliza, kawiri, nthawi zonse kawiri. Ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira maliro amene anali atachedwa ndi chaka chathunthu. Madzulo ake ndinaimbira achemwali.

"Achimwene, mwatikumbuka lero?" anatero.

"Chemwali, ndinkadwala. Ndinkachita manyazi kukuuzani."

Anakhala chete, kenako anati, "Nanga manyazi ndi ife?"

Tsopano kupukwa kwabwerera, ndipo kumapweteka kuposa kale. Ndimalakalaka mkhwani wotendera, thobwa la m'chigubu, phokoso la oitanira minibasi pa Lizulu, ngakhale fumbi la Okutobala lomwe. Akulu anati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo ululu umenewu palibe dripi imene ingauchotse. Sindikufunanso kuti uchoke. Ndimakumbukiranso anzanga amene ndinawasiya ku fiyeta, amene ali ndi ketamine m'kabati koma munthu wodwala maganizo m'boma lawo amayenera kuyenda mtunda wautali, mwina mpaka ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu, kuti aonane ndi katswiri.

Inu amene muli ndi m'bale kunja kuno amene wasiya kuyankha foni, musafulumire kunena kuti watchona kapena ndalama zamunyaditsa. Imbanibe, ndipo akayankha mumufunse ngati akugona tulo ndiponso ngati akudya. Ine mapepala anga anatuluka. Tikiti ndagula, ndipo mu Seputembala ndidzakhala ku Ntcheu pamene tidzaike chiliza pamanda a amayi.