Ulendo wa ku St James ndi mlamu wanga woyembekezera

Abale ndi alongo a muno mu Cape Town, nyengo yotentha yafika ndipo ambiri tikulakalaka kunyanja. Ndati ndikufotokozereniko za ulendo umene ndinayenda ndi mlamu wanga mu Disembala chaka chatha, ali ndi pakati pa miyezi 6.

Mlamu wangayu anakulira ku Nkhotakota, ndipo kusambira anayamba asanalowe sukulu. Koma amayi atamva pafoni kuti tikufuna kupita kunyanja, anakalipa zedi. "Madzi amchere ndi pakati? Mufuna kundiphera mdzukulu?" Paja kwathu nkhani ya mchere siiseweretsedwa. Ndinawayankha kuti, "Amayi, musadandaule, tiyamba tafunsa kusikelo."

Anamwino atamuyeza mlamu anapeza kuti magazi akuthamanga bwino. Iwo anati kusambira n'kwabwino kwa mayi woyembekezera, chifukwa madzi amanyamula thupi ndipo msana umapumula. Mcherewo sufika kwa mwana, pakuti khomo la chiberekero limakhala lotseka ndipo mwanayo amakhala m'nsupa yake. Choopsa ndi kuzizira. Munthu akagwera mwadzidzidzi m'madzi osakwana madigiri 15, amabanika, amapuma mothamanga, mtima umagunda kwambiri ndipo magazi amakwera. Pa mphindi yoyambayo ndi pamene ena amamwa madzi n'kumira, ngakhale odziwa kusambira.

Tsono muyenera kudziwa kuti mzinda uno uli ndi magombe a mitundu iwiri. Kumadzulo, ku Clifton ndi ku Camps Bay, mchenga ndi woyera mbee, koma madzi ake ndi a mkokomo wozizira wa Benguela. Chodabwitsa n'chakuti amazizira kwambiri m'nyengo yotentha. Mphepo ija ya kum'mwera chakum'mawa, imene eni dziko amati Cape Doctor, imakankhira kutali madzi ofunda a pamwamba, ndipo a pansi amabwera m'malo mwake. Masiku otero madzi amatsika mpaka madigiri 10 kapena 12. Yerekezani ndi nyanja yathu ya Malawi, imene pamwamba pake pamakhala madigiri 24 kapena kuposa! Ine ndinapondamo kamodzi ku Camps Bay, mapazi anachita dzanzi ngati si anga. Kum'mawa, ku False Bay, madzi amafundako, ndipo masiku ena a dzuwa amafika madigiri 19 kapena 20. N'chifukwa chake tinasankha kumeneko.

Tinakwera sitima pa Wynberg m'mawa Loweruka. Ikangodutsa Muizenberg, njanji imayenda m'mbali mwenimweni mwa nyanja, phiri kudzanja lamanja, mafunde kumanzere. Pa Muizenberg sitinatsike. Gombe lake n'lokongola, ndipo kuyambira mu 2004 pali a Shark Spotters amene amakhala paphiri kuyang'ana shaki, koma anyamata oseweretsa mathabwa pamafunde amachuluka. Thabwa kapena funde lalikulu litagunda pamimba, sangakhale masewera.

Tinatsikira pa St James, siteshoni yotsatira. Pamenepo pali timanyumba tamatabwa topaka utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, ndipo kutsogolo kwake kuli dziwe lomangidwa ndi khoma. Madzi a m'nyanja amalowamo nyanja ikadzaza, koma mphamvu ya mafunde imathera pakhomapo. Tinapeza agogo achizungu akusambira mwakachetechete, ana akutola tizigoba m'miyala, fungo la ndere lili guu.

Mlamu ataona madzi anafuna kudumphira ngati ali pa Nkhotakota. Ndinamugwira mkono. "Mlamu, pang'onopang'ono, kuno si kwanu." Pansi ndi poterera chifukwa cha ndere, ndipo mayi wapakati sachedwa kupepesuka. Analowa mpaka m'mawondo, n'kuima. Kenaka m'chiuno, n'kuimanso mpaka kupuma kwake kutakhazikika. Anasambira mphindi 10 zokha, ine ndili pambali pake. Ndinamutulutsa asanayambe kunjenjemera, chifukwa thupi limapitiriza kuzizira ngakhale munthu atatuluka m'madzi. Anavula zonyowa msanga, anavala juzi, anadzifunda chitenje, tinamwa tiyi wa m'fulasiki. Posakhalitsa anagwira pamimba n'kuseka: "Alamu, mwanayu akuvina!"

Mu 2025 akatswiri a ku Britain anatulutsa malangizo pa nkhani yomweyi. Iwo anati m'madzi ozizira kwambiri muzilowa mayi yekhayo amene anazolowera kutero asanakhale ndi pakati, asamasambire yekha, ndipo asalowemo ngati magazi ake akukwera kapena kutsika kwambiri. Ambiri a ife tinakulira m'madzi ofunda, choncho Clifton timusiyire eni ake mpaka mwana atabadwa.

Anamwino aja anawonjezeranso zina. Ngati mukutaya magazi, ngati nsupa yasweka, kapena mukumva chizungulire, madzi muwaonere patali. Mvula yamphamvu ikagwa dikirani masiku angapo, popeza ngalande za mumzinda zimathira zonyansa m'nyanja, ndipo kutsegula m'mimba kumafooketsa mayi wapakati. Pagombe loyera sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali opulumutsa anthu. Chimodzi chokha chotonthoza mtima n'chakuti nkhono zofalitsa likodzo sizikhala m'madzi amchere.

Madzulo ake tinawaimbira amayi. Anafunsa kaye ngati mwana akugunda, kenaka anati, "Chabwino, koma musabwerezenso kawirikawiri." Mdzukulu wawoyo anabadwa mu Malichi, wamkazi, wonenepa bwino.

Kwa achemwali onse oyembekezera ndikuti: nyanja musaiope, koma yambani mwafunsa kusikelo, paja safunsa anadya phula. Ndipo inu azibambo, tsiku limenelo musakhalire kuotcha nyama pamtunda. Lowani nawo m'madzimo, muwagwire mkono.