Macau: kaoneniko, koma mpamba mubwere nawo

Kwa amene amapita ku Guangzhou kukaoda katundu, dzina la Macau si lachilendo. Sitima yochokera ku Guangzhou imatenga pafupifupi ola limodzi kufika ku Zhuhai, ndipo mukatsika, boda ya Gongbei ili pomwepo, mumangowoloka wapansi. N'chifukwa chake ambiri akatsala ndi masiku awiri ndege isananyamuke amauzana kuti, "Tiyeni tikaoneko." Kukaonako n'kwabwino ndithu. Koma dziwani kuti nyumba zonyezimira za kumeneko zinamangidwa ndi ndalama za anthu oluza juga, ndipo wopita mosakonzeka akhoza kubwerako chimanjamanja.

Yambani ndi viza

Macau ndi gawo la China, koma lili ndi malamulo akeake olowera ndi kutulukira. Apwitikizi anakhazikika kumeneko cha m'ma 1557, ndipo anabweza derali ku China pa 20 Disembala 1999. Mpaka lero, kuchoka ku Zhuhai kulowa ku Macau kumawerengedwa ngati mwatuluka m'China. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Ngati viza yanu ndi yolowera kamodzi kokha, mukangowoloka ndiye kuti yatha ntchito, simungabwererenso ku Guangzhou, ngakhale zikwama zanu zili ku hotela ndipo ndege yanu ikunyamukira komweko. Musanagule tikiti, funsani ku ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe za viza yolowera kawiri, komanso zimene pasipoti yanu ikufunika polowa ku Macau.

Njira ina n'kudzera ku Hong Kong, komwe ndege za Ethiopian Airlines zimafika kuchokera ku Addis Ababa. Kuchoka kumeneko mutha kukwera boti la ola limodzi, kapena basi yodutsa pa mlatho wautali makilomita 55 umene unatsegulidwa mu Okutobala 2018.

Ndalama zake n'ziwiri

Ndalama ya ku Macau ndi pataca, koma dola ya ku Hong Kong imayendanso paliponse, ndipo m'makasino ambiri ndi imene amagwiritsa ntchito. Madola 100 a ku Hong Kong amafanana ndi mapataca 103, ngakhale m'masitolo ambiri amangowerengera chimodzimodzi n'kukupatsani chenji cha mapataca. Mapatacawo muwamalize musanachoke, chifukwa kunja kwa Macau n'zovuta kupeza wowasintha. Ngati mwanyamula ndalama zokwana mapataca 120,000 kapena kuposa apo, lamulo likuti muzinene polowa.

M'kasino mulibe zaulere

Munthu wosakwana zaka 21 saloledwa kulowa m'chipinda cha juga, choncho pasipoti ikhale m'thumba, ndipo ana asayandikireko. Kujambula zithunzi m'katimo n'koletsedwa. Mahotela akuluakulu monga Venetian, yomwe inatsegulidwa mu 2007 ku Cotai, ali ndi mabasi aulere ochokera pa boda, pa doko ndi pa bwalo la ndege. Kwerani, palibe amene angakufunseni ngati mukukatchova. Ingodziwani kuti basiyo ikukatsitsani pafupi ndi matebulo, ndipo si mwangozi.

Masamu a juga ndi osavuta. Gudumu la roulette la ziro mmodzi lili ndi manambala 37, koma mukalasa nambala yanu amakulipirani maulendo 35 okha a ndalama imene munaika. Kampata kameneko n'kamene kamadyetsa kasino tsiku ndi tsiku. Ngakhale baccarat, masewera a makadi amene amakondedwa kwambiri ku Macau, anakonzedwa kuti mukamasewera nthawi yaitali mwini nyumba azipambana. Pofika 2006 makasino a kumeneko anali atapitirira a pa msewu wotchuka wa ku Las Vegas pa ndalama zolowa, ndiye ganizirani kuti ndalamazo zinkachoka m'matumba a yani.

Ngati mukufunabe kuyesako, patulani ndalama imene mungaitaye osalira, ngati ya tikiti ya mpira, ndipo khadi la kubanki lisiyeni ku hotela. Ikatha, dzukani. Mawu akuti "ndingobwezako zomwe zapita" ndi amene amamaliza mpamba ndi fizi ya ana. Wina akakuyandikirani kuti akubwerekeni ndalama, kanani. Ameneyo ndi wa katapila, ntchito yake ndi yoletsedwa, ndipo apolisi kumeneko amagwira kawirikawiri anthu amene atsekera ongongola m'zipinda za hotela.

Zokaona zenizeni zili panja

Mzinda wakale wa Macau unalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2005, ndipo mbali yaikulu mumaiona ulere, ndi miyendo yanu. Yambirani pa bwalo la Senado, lomwe pansi pake anayala timiyala toyera ndi takuda ngati mafunde, n'kukwera mpaka pa mabwinja a tchalitchi cha St Paul's, chimene chinapsa mu 1835 n'kutsala khoma lakumaso lokha. Kachisi wa A-Ma analipo Apwitikizi asanafike. Amene muli ndi ana, pitani ku Coloane mukaone mapanda ku paki ya Seac Pai Van, kenaka mukapume pa gombe la mchenga wakuda la Hac Sa. Olimba mtima akakwere nsanja ya Macau Tower, yotalika mamita 338.

Abale a ku Tete ndi ku Angónia sangasochere, chifukwa zikwangwani za m'misewu zinalembedwa m'Chitchaina ndi m'Chipwitikizi, ngakhale anthu ambiri amalankhula Chikantoni. Pa chakudya, funsani galinha à africana, nkhuku yootcha yothira tsabola, imene chiyambi chake amachilumikiza ndi maiko a mu Africa amene ankalamulidwa ndi Apwitikizi. Musaiwale kulawa timakeke ta mazira ta ku Lord Stow's Bakery ku Coloane, tikadali totentha.

Nyengo ndi tina n'tina

Miyezi yabwino ndi Okutobala mpaka Disembala, kunja kukakhala kouma komanso kozizira bwino. Koma pewani sabata yoyamba ya Okutobala, chifukwa ku China kumakhala holide, mahotela amadzaza ndipo mitengo imakwera. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumatentha ndipo ndi nthawi ya namondwe. Akangolengeza chenjezo la nambala 8, maboti ndi mabasi amaima, choncho musasiye ulendo wobwerera kufikira tsiku lenileni la ndege.

Pulagi ya magetsi ndi ya mano atatu ngati ya kwathu, galimoto zimayenda kumanzere, ndipo WhatsApp ndi Facebook zimagwira popanda vuto. Nthawi ili patsogolo ndi maola 6, ndiye poimba foni kumudzi muziyamba mwaona wotchi. M'basi za mumzinda sapereka chenji, khalani ndi tindalama tokwanira.

Ndipo ngati ulendowu mwauphatikiza ndi wa bizinesi, lipirani katundu yense, mumalize ndi a kago, malisiti akhale m'chikwama, kenaka muziwoloka.