Za Kulemba Mmisiri Woika Magetsi a Dzuwa

Inu a ku Mwanza mwaziona nsanja zazitali zacitsulo zimene anaziimika m'dziko lathu, kuti zinyamule waya wa magetsi kucokera ku Matambo m'dziko la Tete kunka ku Phombeya ku Balaka. Mudziwanso kuti pa mtsinje wa Shire pali Nkula, pamene anayamba kupanga magetsi m'caka ca 1966, ndi Tedzani kumunsi kwace. Koma ife a kumidzi, okhala kutali ndi boma, mawaya onsewa angotidutsa pamwamba, ndipo dzuwa likalowa ambiri tidya nsima ndi tochi m'dzanja. Pa kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti m'Malawi monse nyumba 11 zokha mwa 100 zinali kuunikira ndi magetsi, ndipo zopitirira theka zinali kuunikira ndi matochi. Ngakhale a m'tauni anaulawa mdima m'caka ca 2022, muja namondwe Ana anaononga Kapichira mu January. Cifukwa cace sindizizwa poona masola alikucuruka pa madenga, ndi ogulitsa ace alikucuruka koposa. Ubwino wa sola audziwa ndi ana omwe. Ine ndifuna kunena za munthu amene timlemba kuti atiikire.

M'mpingo mwathu muli mai wina wamasiye, wolera adzukulu atatu, amene dzina lace sindilichula. Iye anagulitsa mbuzi ziwiri ndi nandolo wace yense, nagula sola kwa anthu ena amene anadza ndi galimoto tsiku la msika, olankhula mokoma ndi otsitsa mtengo msanga. Anamkhomera tsiku lomwelo, ndipo nchito yonse sinafike maora awiri. Miyezi itatu nyumba inawala, ndi ife tonse tinakondwera naye. Mwezi wacinai mababu anayamba kuzima nsima isanapse, ndipo wacisanu munali mdima monga kale. Nambala ya foni imene anamsiyira siyankha kufikira lero. Pamene wodziwa nchitoyi anadza kudzaona, anapeza kuti batire linali la galimoto, ndi kuti analilumikiza ku sola popanda leguleta. Tsono batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikuru kamphindi poliza injini, ndi kudzazidwanso pomwepo. Silipirira kukhuthulidwa usiku ndi usiku. Leguleta ndiko kabokosi koima pakati, koletsa sola kudzaza batire mopitirira usana, ndi koletsa mababu kulikhuthula lonse usiku. Akuru anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa milandu mau awa ali oona. Koma anatinso mlendo ndi mame.

Pamene ine ndi mai a kunyumba tinagulitsa manachesi athu caka catha, tinapangana kuti ndaramazo zigule kuunika, cifukwa ana athu awiri ali pafupi kulemba mayeso. Tinayamba ndi kufunsa m'midzi kwa eni masola: Anakuikirani ndani? Caka citi? Iyakabe kodi? Dzina la mnyamata mmodzi linaturuka katatu. Kwao ndi ulendo wa ora limodzi pa njinga, amace tiwadziwa, ndipo anaphunzira za magetsi ku sukulu ya nchito zamanja. Ndinapita ndekha usiku ku nyumba ziwiri zimene anaziikira zaka ziwiri zapitazo, pakuti sola iriyonse ioneka yabwino dzuwa liri pamutu.

Anafika Loweruka m'mawa wopanda katundu, ali ndi kabuku ndi pensulo zokha. Ndisanachule mtengo iye anati, "Bambo, za ndarama tinena pambuyo. Mundiuze poyamba zimene mufuna kuyatsa, ndi maora angati." Ndipo tinakhala pakhonde ndi kuwerenga. Ciwerengero cace ndicilemba pano, cifukwa mwana wa sukulu aliyense angathe kucicitira makolo ace. Pa cinthu ciriconse ca magetsi alembapo mawati ace, ndipo mawatiwo muwacurukitsa ndi maora amene cidzayaka. Mababu 4 a mawati 5, oyaka maora 5, apanga 100. Wailesi ndi kuchaja mafoni tinaika 60. Kanema wa mawati 40, maora 3, apanga 120. Zonse pamodzi 280 pa tsiku. Sola ya mawati 100 ikalandira dzuwa lamphamvu maora 5 ipatsa 500 pa pepala. Koma kutentha, mawaya ndi batire lomwe zidyako, ndipo zotsala ziri ngati 350. Cotero ikwana, nitsalako pang'ono. Batire lolembedwa 12 ndi 100 lisunga 1,200, koma la mtovu siliyenera kutsika kupitirira theka, kapena lidzafa msanga. Zathu tsono ndi 600, ndiko kunena masiku awiri a mitambo.

Apo mai a kunyumba anafunsa za simbi yositira. Mnyamata anaseka mwaulemu nati, "Mai, simbi imodzi idya mawati 1,000. Ya makala ija musaitaye." Wogulitsa wa pamsika akadati inde, ndi za firiji zomwe akadati inde. Ine pomva iai ameneyu mtima unakhala pansi, ndipo ndinakumbuka fanizo la pa Luka 14, la munthu wofuna kumanga nsanja.

Atatha kuwerenga anazungulira nyumba kawiri akuyang'ana kumwamba. Ambiri kwathu kuno aika sola mbali yoyang'ana kunjira, ndipo ndiganiza cifukwa cace ticidziwa tonse. Ena angoigoneka pa udzu ndi kuipsinja ndi mwala. Koma dziko lathu liri kumwera kwa pakati pa dziko lapansi, ndipo m'miyezi ya June ndi July dzuwa liyenda motsika mbali ya kumpoto, nthawi yomweyo imene usiku utalika ndi nkhungu icuruka. Cifukwa cace sola iyenera kuyang'ana kumpoto, yopendeka pang'ono, ngati madigiri 15, kuti ilandire dzuwa la m'nyengo yozizira, ndi kuti mvula itsuke pfumbi. Anasiyanso mpata pakati pa sola ndi malata kuti mphepo ipite, pakuti sola ikatentha kwambiri ifooka. Cobvuta cinali mtengo wa mango umene atate anga anaubzala, cifukwa nthambi yace imodzi iponya mthunzi padenga masana. Ndinati mthunziwo uli waung'ono, ungogwira ngodya imodzi. Iye anati timagalasi ta m'sola tigwira nchito monga anthu opatsirana njerwa pomanga chalichi: mmodzi akaima, mzere wonse ucedwa. Nthambi tinaidula, ndipo ana anaidandaula masiku atatu.

Zina ndingozichula msanga. Waya wa pakati pa sola, leguleta ndi batire anasankha wonenepa ndi wamfupi, pakuti woonda utaya mphamvu nutentha, ndipo denga laudzu silikambirana ndi moto. Pafupi ndi batire anaika fyuzi. Batire analiika m'bokosi loboola, kutali ndi moto ndi ana, losakhala m'cipinda cogona. Ndipo pogula tinapita tonse awiri, iye ali ndi kamakina kace koyesera, nayesa sola padzuwa tisanalipire, cifukwa cimene alemba kumbuyo kwa sola si nthawi zonse cimene ipatsa.

Tsono ndifike pa pepala la pangano, pamene ndidziwa kuti ena a inu mudzatsutsana nane. Boma liri ndi bungwe lochedwa MERA, loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo ndilo lipatsa ziphaso kwa oika magetsi. Ndinampempha mnyamatayu andionetse cace, nandionetsa wosakwiya. Pamenepo tinalemba pangano pamaso pa mkuru mmodzi wa mpingo ndi nduna ya amfumu: dzina ndi ukuru wa cinthu ciriconse, mtengo wace, malipiro a nchito yace, ndi kuti miyezi 12 adzabwera kudzakonza cosalongosoka wosafuna ndarama. Mtengo wa katundu anati uima masiku 14 okha. Sindinamtsutse, pakuti zinthuzi zicokera kunja, ndipo tonse tikumbuka November wa 2023, muja kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, mitengo ya m'masitolo nikwera sabata lomwelo. Marisiti onse analembedwa m'dzina langa.

Mbale wina anandidzudzula kuti kulembetsa pepala mwana wa m'dera lathu, Mkristu mnzathu, kuonetsa kusakhulupirirana. Ndiyesa kuti sikutero. Maudani ambiri amene tiwaweruza ku bwalo la akuru a mpingo ayamba ndi anthu awiri okondana amene anapangana pakamwa, ndipo itapita miyezi isanu ndi umodzi yense akumbukira mau omkomera yekha, wopanda mmodzi wonama dala. Pepala silikhala ndi mbali. Ndiponso kukhala pafupi pakokha sikumyesa munthu mmisiri. M'midzi mwathu muli anyamata amene anakonzapo wailesi kamodzi, ndipo lero akwera pa madenga a anthu. Wa pafupi ndimfuna cifukwa nchito zace zakale ndikhoza kuziona ndi maso anga, ndi cifukwa tsiku la bvuto ndidziwa khomo lace.

Ife olemba anthu nchito tiri ndi mlandu wathunso. Tinapangana kuti theka la malipiro ace alandira poyamba, ndi theka lina magetsi atayaka usiku 7. M'mawa wa tsiku lacisanu ndi citatu ndinapalasa njinga kumpititsira kwao. Pa Levitiko 19 pali lamulo loletsa kugona ndi mphotho ya wanchito, koma ndaona Akristu ena alikuyendetsa mmisiri miyezi itatu ndi mau akuti bwerani mawa, nyumba yao ikuwala. Oterewa sola ikadzazima adzamuitana ndi nkhope yanji?

M'mwezi wa July mababu athu anayamba kuzima ora lacisanu ndi cinai lisanakwane. Ndinatuma mwana, ndipo mnyamata anafika m'mawa mwace. Sanapeze coonongeka. Galasi linali ndi pfumbi ndi zitosi za mbalame, kunali mitambo masiku anai, ndipo ana anali kuonera kanema usana ife tiri kumunda. Anawaonetsa kupukuta ndi nsaru yofewa ndi madzi oyera m'mamawa galasi lisanatenthe, nawaphunzitsa kuwerenga timagetsi ta pa leguleta, nati masiku a mitambo kanema apumule. Ndarama anakana, anangolandira manachesi odzaza cipewa.

Pocoka anatiuza cimene ogulitsa sakonda kucichula. Sola yokha ikhoza kukhala zaka 20 ndi kupitirira, koma batire la mtovu, ngakhale losamalidwa, lidzatha patapita zaka zowerengeka, ndipo lakutha sitiyenera kuliswa kapena kulitaya kudzala, pakuti mtovu ndi madzi ace ziri zakupha. Adzalitenga yekha pobweretsa lina. Madzulo ace mai a kunyumba anapita kumunda, napatula mitengo iwiri ya manachesi ya kumalire, namanga nsanza pa thunthu la uliwonse. Imeneyo tsopano ana aicha mitengo ya batire, ndipo ndarama zace sizilowa m'thumba la mcere.