Tisanalipire Fizi, Tiyambe Takaona Wekishopu



Chaka chilichonse zotsatira za MSCE zikatuluka, ife aphunzitsi timalandira funso lomwelomwe: "Mwanayu mapointi ake sanamufikitse ku yunivesite, ndiye timutani?" Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza, ndipo zimenezi tonse tikuzidziwa. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi zochitika m'miyezi yotsatira. Ena amangokhala pakhomo, ena amagulitsa mbuzi kuti apeze ya basi yopita ku Joni, ndipo ena amathamangira koleji iliyonse imene aiona pa chikwangwani kapena pa WhatsApp. Gulu lachitatuli ndi limene tikulankhula nalo kwambiri.

Kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, aja amatchedwa Community Technical College. Mwambo wokhazikitsa ndondomekoyi unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga. Ena mwa makolejiwa ndi Aida Chilembwe ku Chiradzulu, Chongoni ku Dedza, Mponela ku Dowa, Naminjiwa ku Phalombe ndi ya ku Mangochi. Anabwera kudzawonjezera pa makoleji akuluakulu amene analipo kale, monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Lilongwe. Kumeneko kumaphunzitsidwa umisiri monga kumanga nyumba, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka zovala ndi kukonza njinga zamoto. Pambali pa a bomawa palinso makoleji a anthu wamba ambirimbiri, ena abwino, ena ongofuna ndalama. Nanga tingawasiyanitse bwanji?

Choyamba ndi kalembera. Sukulu yophunzitsa ntchito zamanja iyenera kukhala yovomerezeka ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunzirowa. Ngati ndi koleji yolonjeza dipuloma kapena digiri, dzina lake lipezeke pa mndandanda wa NCHE. Musakhutire ndi mawu a wolandira alendo. Pemphani kuona chikalata, ndipo funsani ngati kosi imene mwana akufunayo ili m'gulu la zovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kuloledwa kuphunzitsa zina koma osati zonse zimene ikulengeza. Taonapo ana athu ena atatha zaka ziwiri, makolo atagulitsa chimanga cha pakhomo, n'kubwera ndi pepala limene olemba ntchito sakulidziwa. Zaka zimenezo sizibwerera.

Chachiwiri, pitani nokha, ndipo pitani tsiku wamba maphunziro ali mkati. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Geti lopentedwa bwino silikuuzani kalikonse. Pemphani kulowa mu wekishopu ndipo werengani. Makina osokera alipo angati, nanga akugwira ntchito ndi angati? Ngati ophunzira ali 40 koma makina owotcherera ndi awiri, ndiye kuti mwana wanu azikhala woonerera nthawi yambiri. Yang'anani ngati pali matabwa, simenti, nsalu kapena zitsulo zoyeserera, chifukwa luso limalowa m'manja munthu akawononga zipangizo kangapo n'kukonzanso. Funsaninso kuti magetsi akazima amatani: ali ndi jenereta kapena sola, kapena tsikulo limangopita? Mukatero chokani pamaso pa akuluakulu a sukulu, mucheze ndi ophunzira awiri kapena atatu panja. Iwo akuuzani ngati aphunzitsi amabweradi tsiku lililonse.

Chachitatu ndi chimene chimabwera pambuyo pa kalasi. Maphunziro a umisiri amafuna kuti wophunzira akagwire ntchito kwa kanthawi pa kampani kapena kwa mmisiri wodziwa. Funsani ngati kolejiyo imathandiza kupeza malowo kapena mwana amadzifunira yekha. Funsani kumene kuli amene anamaliza chaka chatha, ndipo ngati n'kotheka kawaoneni kumene akugwira ntchito. Ganiziraninso za msika wa kwanu. Pamene pali akabaza ambiri a njinga zamoto, makaniko wabwino sagona ndi njala. Pamene nyumba zamalata zikumangidwa, womanga, kalipentala ndi wowotcherera mafelemu a mawindo onse ali ndi chochita.

Chachinayi, werengerani ndalama zonse, osati fizi yokha. Pali ovolosi, nsapato zodzitetezera, ndalama ya mayeso, chakudya ndi thiransipoti. Si koleji iliyonse ili ndi malo ogona, choncho mwana angafunike kuchita lendi pafupi. Apa makolo a ana aakazi musatumize munthu: kaoneni nokha nyumbayo, chitseko chake, kumene amatunga madzi ndi mtunda umene aziyenda madzulo.

Pali mafunso enanso amene ife Asilamu tiyenera kufunsa poyera tisanalembetse. Kodi Lachisanu masana wophunzira amaloledwa kukaswali Jumu'ah, nanga mzikiti uli patali bwanji? Ngati chakudya chimaphikidwa pasukulupo, nyama yake amazinga ndani? Kodi mtsikana wovala hijab amalandiridwa bwanji mu wekishopu? Pa ili lomalizali tinene zoona: nsalu yolendewera pafupi ndi makina ozungulira ndi ngozi, ndiye hijab ikhale yogwira bwino ndipo ilowetsedwe mkati mwa ovolosi. Zinthu zotere zikakambidwa pachiyambi sizibweretsa mkangano pakati pa teremu.

Tikudziwa kuti ena mwa inu ophunzira mumachita manyazi, ngati kuti kugwira sowo kapena chipande cha womanga ndi chizindikiro cha kulephera. Kumbukirani zimene timaphunzira m'kalasi: Mneneri Nuh anakhoma chombo, Mneneri Dawud ankasula zovala zachitsulo, ndipo Mneneri Zakariya anali kalipentala, mtendere ukhale pa iwo onse. Ndalama ya thukuta lako ndi halal yosakayikitsa.

Kwa a komiti ya mzikiti tili ndi pempho limodzi. Pakati pathu pali amisiri amene akhala pa ntchito zaka zambiri. Tiwapemphe kuti aziperekeza ana athu pokaona makolejiwa, pakuti diso la mmisiri limaona msanga makina amene angoikidwa kuti alendo aone. Mwana ndi makolo akabwerako akhale pansi, akambirane, aswali istikhara, kenako asankhe. Amene akufuna thandizo polemba mafomu atipeze kuno kusukulu tikaweruka.

Allah atsegule makomo a rizq kwa ana athu onse. Wassalamu alaikum.