Galimoto Yosatuluka M'bokosi

Pansi pa bedi langa muno m'koleji pali sutikesi yachitsulo imene ndinapita nayo ku sekondale. Mesho wanga ankayesa kuti muli chiponde ndi shuga, monga momwe akhalira masutikesi a anzathu onse, kufikira tsiku lina nditaiwala kukhoma iye nasuzumiramo. Anapezamo tigalimoto 23, kalikonse kokulungidwa m'sokosi yakeyake. Anaseka mpaka misozi. "Aise," anatero, "anzako akusunga za fizi, iwe ukusunga zidole za ana a atsamunda?" Sindinamuyankhe bwino tsiku limenelo, ndipo sindikulonjeza kuti ndimuyankha bwino pano.

Za atsamundazo sananame kwenikweni. Agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, anali khukhi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Pamene bwana ndi dona ankalongedza kubwerera kwawo cha m'ma 1970, zonse zimene sanazifune anaziunjika kuseri kwa khitchini kuti zitenthedwe. Pa mulu umenewo agogo anatolapo ketulo yodontha ndi ka Land Rover kobiriwira, kotalika ngati chala. Ketulo ija inatha kalekale. Ka Land Rover kanadutsa m'manja mwa amalume anga atatu, mmodzimmodzi, kenaka kanafika kwa ine kali mbuu, utoto utangotsalira m'mphepete mwa zitseko, katundu wa pulasitiki amene anali padenga atathothoka. Ndinkakamanga ulusi wa thumba la feteleza n'kumakakoka m'misewu imene ndinkalima ndi chala pabwalo, kuwoloka milatho ya mapesi, pakamwa pali vuuu mpaka amayi ataitana nsima.

Ndinali Fomu 2 pamene ndinakatembenuza ndi kuwerenga zolembedwa kumimba kwake: dzina loti Lesney, nambala 12, ndi mawu oti kanapangidwa ku England. Chidwi chinayambira pomwepo. Lesney inali kampani imene Leslie Smith ndi Rodney Smith anaikhazikitsa ku London mu 1947, ndipo dzinalo analipeza polumikiza mutu wa Leslie ndi mchira wa Rodney. Mnzawo wina, Jack Odell, anali ndi mwana wamkazi amene kusukulu kwake ankalola chidole chokhacho chokwana m'bokosi la machesi. Bamboyo anam'pangira kachigalimoto kotsendera msewu kolowa m'bokosi lotero, ndipo mu 1953 tigalimoto ta Matchbox tinayamba kugulitsidwa. N'chifukwa chake kwa Matchbox basi ndi kagalimoto ka anthu anayi zimalingana msinkhu: mwini lamulo ndi bokosi. Anzawo a Dinky, amene anayamba ku Liverpool mu 1934, ndi a Corgi a ku Swansea, amene anabwera mu 1956 akunyadira kuti tawo tili ndi magalasi m'mawindo, ankayesetsa kusunga muyeso, kawirikawiri pafupi ndi 1:43. Ndiko kunena kuti mutandandalika tigalimoto 43 totsatana, mupeza kutalika kwa galimoto yeniyeniyo.

Amene anaumbapo njerwa sangavutike kumva kapangidwe kake. Pali chikombole, koma chachitsulo cholimba, cha mbali ziwiri zotsekana. Chitsulo chosungunula, makamaka zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, amachipopera m'menemo mwamphamvu kuti chilowe m'timizere tonse, ndipo chikangozizira chikombole chimayasama n'kulavula kagalimoto kokhala ndi zitseko, nyali ndi zogwirira zake. Chikalowa chitsotso cha mtovu, chitsulocho chimadwala pang'onopang'ono. Ma Dinky ambiri opangidwa nkhondo yachiwiri isanayambe anatupa, nang'aluka, nayoyoka ngati chigumu chogonetsa. Ka agogo kanga kalibe nthenda imeneyi. Ana anayi tinakazunza zaka zonsezi, koma kangopindika gudumu limodzi lakumbuyo.

Nanenso ndinapangapo magalimoto a waya, ndipo sindiwanyoza. Ya waya ili ndi chiwongolero, umaiyendetsa utaimirira ngati munthu, ndipo ikawonongeka makaniko ndiwe wemwe. Koma ilibe kulemera. Kagalimoto kachitsulo ukakaika pachikhatho kamakuzizira, kamakulemera kuposa msinkhu wake, ndipo ine kulemera kumeneko ndiko kunandikola. Chinanso n'chakuti m'tigalimotomu ndimo ndinaonera koyamba magalimoto a m'nkhani za akuluakulu. Amalume akamasimba za Peugeot 404 imene sinkaopa matope, za malole a Bedford okwera phiri akulira ngati ng'ombe, kapena za Morris Minor ya abusa, ife a masiku a minibasi ndi Sienta timangovomera ndi mutu. Ine ndinafuna kuziona, ndipo poti zenizenizo zambiri zinadyedwa ndi dzimbiri, ndinayamba kusaka mithunzi yake.

Malo osakira ndi pa kaunjika. Mu msika wa ku Limbe, belo la zidole likatsegulidwa, amayi amalimbirana zimbalangondo zaubweya, ine n'kumapisa dzanja pansi penipeni pamene zolemera zimathawira. Zambiri ndi pulasitiki yachabe. Zina ndi Hot Wheels zatsopano, zamitundu yothobwa m'maso, zimene sindizikonda ngakhale ndidziwa kuti ndizo zinasokoneza msika zitatuluka mu 1968, mpaka a Lesney anakakamizika kusintha magudumu awo chaka chotsatira kuti nawonso azithamanga. Ndinaphunzira kusayang'ana pamwamba. Umatembenuza, n'kuwerenga kumimba, n'kuumitsa nkhope kuti wogulitsa asaone kuti mtima wadumpha. Motero ndinapeza Volkswagen yopanda galasi, lole ya Bedford yopanda matayala awiri, ndi zina zotero, pa mtengo wa mbale ya nsima ya usipa, nthawi zina nsimayo n'kuigonera.

Tsiku lina chaka chatha dzanja langa linakhudza katoni. Nditatulutsa, ndinapeza Ford Model T ya 1912, kavani kachikasu kolembedwa dzina la Colman's m'mbali, kali m'bokosi lake lokhala ndi zenera la pulasitiki, kopanda ndi kachipsera komwe. Pabokosipo panalembedwa Models of Yesteryear. Ndinalipira osanenerera, chinthu chimene sindinachitepo.

Apa ndiye pamene matenda anandilowa. Usiku umenewo ndinatha bandulo yonse pa intaneti kuwerenga za anthu osonkhanitsa tigalimototi ku Ulaya ndi ku America, ndipo ndinapeza kuti iwo ali ndi malamulo awo. Kagalimoto kamtengo ndi kamene sikanakhudzepo dothi, kamene utoto wake uli monga unachokera ku fakitale, ndipo bokosi likakhalapo mtengo umakwera kwambiri. Kokalika amakatcha koseweretsedwa, ngati kuseweretsa chidole ndi mlandu. Ndinayang'ana ka Land Rover ka agogo ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakachitira manyazi. Kuyambira pamenepo ndinaleka kugudubuza tigalimoto tanga patebulo. Ndinasonkhanitsa masokosi akale, ndinagula loko, ndipo Ford ija sindinaitulutse m'bokosi ngakhale kamodzi.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita nayo kumudzi sutikesi ija. Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 6, amene ndikafika sachoka pambali panga. Ndinamuonetsa zonse, patali, manja ake ndili nditawagwira. Mmawa wa tsiku lachitatu ndinapita kukasamba kiyi nditaisiya pa loko. Pobwera ndinam'peza pansi pa mtengo wa mango atagona chafufumimba. Anali atalima msewu wake ndi chala, ataika mlatho wa mapesi, ndipo Ford inali pakati pa mlathowo, ulusi uli pakhosi. Bokosi linali poteropo, litang'ambidwa pakati, nkhuku ikulijompha.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza kanthu. Ndinangomva mbama ili pha! Mwana sanalire msanga. Anandiyang'ana, dzanja lili patsaya, nati, "Amalume, ndimangofuna ndione ngati imayenda."

Mlongo wanga anatuluka m'khitchini, namunyamula, nabwerera osanena mawu, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa kutukwana. Inu a kwathu mukudziwa kuti malume si mlendo kwa mwana wa mlongo wake. Ndiye mwini mbumba wamawa, ndiye wokaimira mwanayo pa ukwati ndi pa mlandu. Amayi anadikira mpaka madzulo, tili awiri pakhonde. "Mwananga," anatero akusenda chinangwa, "agogo ako chija anachitola padzala kuti ana aziseweretsa. Sukuluyi yakuphunzitsa kuchisandutsa chithumwa?" Ndinayesa kulongosola za mtengo, za bokosi, za Azungu ogula. Anangofunsa kuti, "Ndalama zingati?" Ndinalibe yankho, pakuti zoona zake ndinali ndisanafufuze.

Nditabwerera kuno ndinafufuza, ndipo ndinachita ngati wamezera fupa. Mtundu wa Models of Yesteryear unayamba mu 1956, ndipo pofika nthawi ya kavani kanga ogula ambiri anali akuluakulu oika pashelefu, osati ana. Aliyense anasunga kake m'bokosi akuyembekeza kudzalemera. Chotsatira chake n'chakuti lero tili mbwee pa eBay, ndi mabokosi ake omwe, ndipo timagulitsidwa mapaundi owerengeka chabe. Tamtengo weniweni ndi tija tinapangidwira ana, chifukwa ana anatiponda, anatikwirira, anatitaya m'ngalande, mabokosi n'kukolezera moto, kotero kuti kamodzi kopulumuka kamasanduka kosowa. Wolemera ndi kagalimoto kosakalika amadyera thukuta la ana ena onse amene anaswa tawo. Ngakhale makampani eni akewo sanapulumuke: fakitale ya Dinky ku Liverpool inatsekedwa mu 1979, Lesney inagwa mu 1982, ndipo dzina la Matchbox, litadutsa m'manja angapo, linagwera kwa Mattel mu 1997, omwe aja a Hot Wheels.

Tsono ndinamenya mwana wa mlongo wanga chifukwa cha katoni ya mtengo wa mabuku awiri olembamo. Mesho wanga nditam'fotokozera sanaseke ayi, ndipo bwenzi zili bwino akanaseka.

Pa Pasaka ndinapitanso kumudzi, Ford ili m'thumba la malaya, yopanda bokosi. Ndinam'peza mnyamata uja pamsewu ndi anzake, akuyendetsa lole ya waya imene anam'pindira mwana wamkulu wa pa nyumba yoyandikana nafe, magudumu ake a zitsekerero za mabotolo, itasenza zitsononkho. Anandipatsa moni mwaulemu, atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Ndinanjuta, ndinatulutsa kavani kachikasu kaja, ndinati, "Tenga, ndi yako tsopano. Uziikoka mmene ungafunire."

Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenaka anabweza manja kumbuyo. "Ayi amalume, sungani. Ingakalike."

Ndinaisiya pawindo la amayi masiku onse asanu amene ndinakhala, pamalo poti aifikire. Tsiku lonyamuka ndinaipeza pomwepo, fumbi litaikuta, ndipo amayi anaiponya m'chikwama changa pamodzi ndi mtedza. Ili muno pansi pa bedi, m'sokosi yabuluu, pafupi ndi ka Land Rover ka agogo.